Dzanzi la Zala Ziwiri: Mtsempha Ukapanikizika Pachigongono

Amayi, mlungu uno tikambirane za dzanja. Ndi dzanja timasambitsa mwana, timapeta mpunga, timavundula nsima, ndiponso timamanga mfundo ya ndalama pansonga ya chitenje. Koma popeza limatigwirira ntchito osadandaula, ambiri a ife sitiliganizira kufikira tsiku limene lakana kugwira singano.

Taganizirani mayi wa pachilumba cha Chisi, pa nyanja ya Chilwa, m'dera la Mfumu Mkumbira m'boma la Zomba. Iye amalawirira kukachingamira mabwato, natumbula milamba ndi makumba, nawamba pamoto, nayanika matemba padzuwa. Usiku wina adzidzimuka napeza kuti kachala kakumapeto ndi chala choyandikana nako zachita dzanzi, ngati m'kati mwake mukuyenda nyerere. Akutumula dzanjalo, dzanzi litha, ndipo agonanso. Papita miyezi, dzanzi lija layamba kubwera ngakhale masana. Kenaka mpeni uyamba kupulumuka m'manja. Tsiku lina aona thuza pa kachala kaja, koma sakumbukira kuti anapsa nthawi yanji.

Mayi ameneyu angakhale inu, angakhale apongozi anu, mwinanso nkhaniyi ingakhudze bambo a kunyumba amene amatandala akupalasa bwato. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale vuto likumveka m'zala, gwero lake lili pachigongono. Matendawa ali ndi chithandizo, mpaka cha opaleshoni, koma chithandizocho chimapindulira amene wafika kuchipatala dzanja lisanafote.

Mtsempha umene tikunenawu

M'chinenero chathu mawu akuti mtsempha timatchulira zinthu zingapo. Ilipo mitsempha yoyendamo magazi, ilipo yolumikiza minofu ku mafupa, ndipo ilipo yonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo. Lero tikunena za mtundu wachitatuwu.

Ulipo mtsempha umodzi umene umachokera m'khosi, nutsika ndi mkono, nudutsa kuseri kwa kafupa kotumphuka kamene kali pachigongono, mbali yoyang'ana kunthiti. Mukagunditsa kasukusuku pachitseko, n'kumva ngati moto wathamangira ku kachala kakumapeto, ndiye kuti mwagunda mtsempha umenewu. Madokotala amautcha ulnar nerve, ndipo matenda a kupanikizika kwake pachigongono amawalemba m'buku la kuchipatala kuti cubital tunnel syndrome.

Ntchito zake ndi ziwiri. Yoyamba ndiyo kumva: kachala kakumapeto, theka la chala choyandikana nako, ndi mphepete ya chikhatho ya mbali imeneyo zimamva kutentha, kuzizira ndi kubaya kudzera mwa iwo. Yachiwiri ndiyo kulamulira timinofu ting'onoting'ono ta m'dzanja, timene timatambasula zala ndi kuzibweza pamodzi, timenenso timapatsa mphamvu yotsinira chinthu. Popanda timinofu timeneti simungalowetse ulusi m'singano, kumanga batani la malaya a mwana, kapena kuluka tsitsi.

Pachigongono njira ya mtsemphawu ndi yopapatiza. Pansi pake pali fupa, pamwamba pake pali kalamba kolimba kamene kamauphimba ngati denga. Mukapinda mkono, njirayo imachepa ndipo mtsempha umakokeka monga chingwe chozungulira chikhomo. Zikamachitika maola ambiri tsiku ndi tsiku, mtsempha umatupa, magazi safikamo mokwanira, ndipo mauthenga amayamba kudukiza.

Musasokoneze matendawa ndi ena ofanana nawo, amene mtsempha wina umapanikizika pamfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi. Amenewo ndiwo ofala koposa, ndipo amavuta amayi ambiri oyembekezera. Dzanzi lake limagwira chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati. A pachigongono ndi achiwiri pa kufala kwake, ndipo chizindikiro chake ndi zala ziwiri zakumapeto. Tsono mukamva dzanzi, yambani mwaona bwino kuti lili m'zala ziti, pakuti limeneli ndi funso loyamba limene adokotala adzakufunsani.

Chimayambitsa n'chiyani?

Kwa ambiri chiyambi chake ndi kupinda mkono nthawi yaitali kapena kutsamiritsa chigongono pa chinthu cholimba. Ena amagona atatsamira mkono usiku wonse. Ena amayenda mtunda wautali mkono uli chipindire, atagwirira ndowa kapena mtolo pamutu. Wa m'bwato amayedzamiritsa chigongono pamphepete ya bwato, wa mu ofesi amachitsamiritsa patebulo, ndipo wina amacheza pa foni ola lathunthu mkono osautambasula.

Kwa ena gwero lake ndi lakale. Nyengo ya mango ikafika, ana ambiri amagwa m'mitengo n'kuthyoka pachigongono. Fupa likapola mokhota, mtsempha umakhala ukukokeka pang'onopang'ono, ndipo dzanzi lingadzayambe patapita zaka 10 kapena 20, mwana uja ali kale pabanja. Chifukwa chake, amayi, mwana akagwa chigongono n'kutupa, musangomuthowa ndi madzi otentha. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akamujambule.

Nyamakazi ya m'chigongono, chotupa chomera pafupi ndi mtsempha, ndiponso matenda a shuga zingathenso kuyambitsa kapena kukulitsa vutoli. Nthawi zina vuto limakhala m'khosi, kumene mtsempha umachokera, ndipo opaleshoni ya pachigongono singathandize. Ichi n'chifukwa chake munthu ayenera kupimidwa bwino asanaganize za mpeni.

Mawu okhudza khate

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri timachita manyazi kuchitchula, koma m'dziko lathu sitingachilumphe. Tizilombo ta khate timakonda mitsempha imene ili pafupi ndi khungu, ndipo mwa yonse ya m'mkono umene timaugwira kawirikawiri ndi womwewu wa pachigongono. Akuluakulu akukumbukira malo osamalirako odwala khate monga Utale ku Balaka ndi Likwenu kufupi ndi Malosa, ndiponso ntchito ya bungwe la LEPRA imene inayamba m'zaka za m'ma 1960. Mu 1994 dziko la Malawi linafika pa mlingo wakuti odwala khate anachepera munthu mmodzi mwa anthu 10,000 alionse. Komatu kuchepa si kutha, ndipo odwala atsopano akupezekabe chaka ndi chaka.

Choncho dzanzi la m'zala likabwera pamodzi ndi mawanga otuwa kapena ofiirira pakhungu, amene samva kanthu mukawakhudza ndi kathonje, kapena mukakhudza pachigongono n'kumva mtsempha utanenepa ngati chingwe ndipo ukupweteka, fulumirani kuchipatala. Khate si themberero ndipo si ufiti. Limachizika ndi mankhwala akumwa kwa miyezi 6 kapena 12, mankhwalawo ndi aulere, ndipo amene wayamba kumwa sapatsiranso anzake. Mtsempha wotupa ndi khate amayamba kuuchiza ndi mapiritsi ochotsa kutupa otchedwa prednisolone, amene amathandiza kwambiri ngati kufooka sikunapitirire miyezi 6. Mapiritsi amenewa si ogula pamsika, ayenera kumwedwa moyang'aniridwa ndi achipatala. Opaleshoni yomasula mtsempha imabwera pambuyo, ngati ululu sukutha, ngati mankhwala alephera, kapena ngati mumtsempha mwachita mafinya.

Dziyeseni nokha pakhomo

Matendawa amayenda pang'onopang'ono. Poyamba dzanzi limabwera n'kupita, makamaka usiku kapena mkono ukapindika. Kenaka limakhazikika, ndipo dzanja limayamba kufooka. Potsiriza timinofu tija timafota, ndipo zala ziwiri zakumapeto zimapindika osafuna kuwongoka.

Ikani manja onse awiri pamiyendo, zikhatho zitayang'ana pansi, ndipo muwayerekeze. Kodi pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala pali podzaza mofanana, kapena dzanja lina lalowa dzenje? Kodi pakati pa mafupa a kuseri kwa dzanja payamba kuoneka timigula? Yesani kupingasa chala cha mkombaphala ndi chapakati. Yesani kubweza kachala kakumapeto kuti kagundane ndi kanzake, pakuti kwa wodwala kamatsalira patali n'kumakodwa polowetsa dzanja m'thumba. Potsiriza tsinani pepala pakati pa chala chachikulu ndi mbali ya cha mkombaphala, wina alikoke. Ngati pepala likupulumuka, kapena chala chachikulu chikupindika pansonga kuti chiligwire, ndiye kuti mphamvu yayamba kutha.

Mukaona chimodzi mwa zizindikiro za kufookazi, nthawi yodikira yatha.

Si onse ofunika opaleshoni

Amene dzanzi lawo likungobwera n'kupita, mphamvu ikadalipo, kawirikawiri amachira posintha kagwiritsidwe ka mkono. Pogona, kulungani thaulo kapena chitenje chopinda mozungulira chigongono ndi kumanga mosathinitsa, kuti mkono usapindike kwambiri m'tulo. Lekani kutsamiritsa chigongono pa zinthu zolimba. Posenza, muzisinthanitsa mikono ndi kuitambasula pafupipafupi. Yezetsani shuga. Madokotala amalola kuyesa njira zimenezi pafupifupi miyezi itatu.

Tikupemphani chinthu chimodzi mwaulemu. Pamalo pamenepa mtsempha uli pansi pa khungu penipeni, wopanda mnofu woutchinga. Kutemerapo mphini, kutsinapo mwamphamvu kapena kuwotchapo kungauvulaze koposa mmene unaliri.

Opaleshoni imaganiziridwa pamene miyezi itatu ija yatha popanda kusintha, pamene dzanzi lakhazikika usana ndi usiku, kapena pamene dzanja layamba kufooka ndi kufota. Adokotala amapima khosi, mkono ndi zala, amagogoda pamtsempha kuti amve ngati moto uja ukuthamangira kuzala, amajambula chigongono ngati chinathyokapo, ndipo kumene makina ake alipo amayeza liwiro limene uthenga ukuyendera mumtsempha.

Njira zitatu za opaleshoni

Inu a kunyanja mukudziwa mmene bwato limavutikira m'ngalande yopapatiza ya pakati pa mabango. Mwini bwato angakuze ngalandeyo, angalambule njira ina, kapena angachotse chitsa chimene bwato likugundapo. Njira za opaleshoni iyi zilinso zitatu, ndipo maganizo ake ndi omwewo.

Njira yoyamba ndiyo kumasula mtsempha pamalo pake pomwepo. M'buku amalemba kuti decompression. Dokotala amacheka khungu kuseri kwa kafupa kaja, bala lotalika ngati chala, nadula kalamba kamene kakupanikiza mtsempha pamodzi ndi tizingwe tina tothina m'mwamba ndi m'munsi mwake. Mtsemphawo sausuntha ayi. Amene anafotokoza za kalambaka ndi kulimbikitsa njira imeneyi ndi dokotala wa ku Liverpool, Geoffrey Osborne, mu 1957. Kawirikawiri opaleshoniyi sikwana ola limodzi. Ingachitike mkono wokha utabayidwa mankhwala a dzanzi, inu muli maso, kapena mutagonekedwa tulo, ndipo ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. M'zipatala zina za zipangizo zambiri amaichita kudzera pa kabala kakang'ono, akuyang'ana ndi kakamera, koma zotsatira zake sizisiyana kwenikweni ndi za njira yocheka.

Njira yachiwiri ndiyo kusamutsa mtsempha. M'buku amalemba kuti transposition. Dokotala amaumasula, nauchotsa kuseri kwa kafupa, nauika kutsogolo kwake, kumene sungakokeke mkono ukapindika. Angaugoneke pansi pa mafuta a khungu, kapena m'kati mwa mnofu, kapena pansi pa mnofu penipeni. Njirayi ndi yakale ndithu, pakuti dokotala wa ku America, Benjamin Curtis, anaifotokoza mu 1898. Amaisankha pamene mtsempha ukudumphira pamwamba pa kafupa mkono ukamapindika, pamene chigongono chinapola mokhota, kapena pamene opaleshoni yoyamba sinathandize. Bala lake ndi lalikulupo, ndipo ngati mtsempha waikidwa pansi pa mnofu, mkono umafuna kumangidwa kwa masabata angapo kuti mnofu wodulidwawo ulumikizane.

Njira yachitatu ndiyo kupala kafupa kotumphuka kaja, kuti mtsempha uziyenda momasuka popanda chougunda. Imathandiza ndithu, koma pamalo popalidwapo pamapweteka nthawi yotalikirapo, ndipo dokotala amasamala kuti asachotse fupa lambiri, kuopa kuti chigongono chingagwedere. Ngati pali chotupa kapena kafupa komera molakwika kamene kakudina mtsempha, amachotsera kumodzi.

Nanga yabwino koposa ndi iti? Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula kafukufuku wa zachipatala wa m'maiko osiyanasiyana, linanena mu 2016 kuti kumasula mtsempha pamalo pake ndi kuusamutsa zimachiza mofanana, koma mabala a opaleshoni yosamutsa amachita mafinya kawirikawiri kuposa a yomasula. Tsono musaganize kuti opaleshoni yaikulu ndiyo yamphamvu. Adokotala akakusankhirani yaing'ono, sikuti akupeputsani. Pamene palibe chifukwa chapadera, ambiri amayambira yomweyo. Nthawi zina amatsimikiza ali m'kati mwa ntchito: akamasula mtsempha amapinda mkono, ndipo akaona kuti ukudumpha, amausamutsa.

Chimene opaleshoni ingathe, ndi chimene singathe

Apa ndiye pagona nkhani yonse, amayi. Ntchito yaikulu ya opaleshoni ndiyo kuletsa kuti mtsempha usapitirire kuwonongeka. Kuchira kwake kumadalira mmene unawonongekera musanafike. Amene apita msanga, ululu ndi nyerere zija zimachepa m'masiku kapena m'masabata ochepa. Koma ngati timaulusi ta m'kati mwa mtsempha tinafa, tiyenera kumeranso kuchokera pachigongono mpaka kuzala, ndipo timamera pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndiko kuti masentimita atatu pamwezi. Yezani mkono wanu kuchokera pachigongono kufika kuchikhatho, mudzaona kuti ulendowo ungatenge chaka.

Pamene mtsempha ukumera chotero, timinofu ta m'dzanja tikudikira. Mnofu umene wakhala wopanda uthenga kwa chaka kapena chaka ndi theka umafota kotheratu, ndipo ngakhale mtsempha utafika pambuyo pake, supezanso woulamulira. Madzi akatayika saoleka. Amene amafika zala zitapindika kale, opaleshoni ingawachotsere ululu ndi kuteteza mphamvu yotsalayo, koma dzanja silibwerera mwakale.

Komabe ochedwawo asataye mtima. Ilipo opaleshoni ina yosamutsa mitsempha yokoka zala, ija yolumikiza minofu ku mafupa. Dokotala amatenga wa mnofu umene ukugwirabe ntchito, naulumikiza ku zala zopindikazo kuti ziwongoke ndi kugwiranso chinthu. Anaikhazikitsa kwambiri ndi dokotala Paul Brand, pothandiza odwala khate ku Vellore m'dziko la India kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Imeneyi imabweza kagwiridwe, koma sibweza kumva, ndipo imafuna miyezi ya mafizo kuti dzanja liphunzire kuyenda mwatsopano.

Dziwaninso kuti opaleshoni iliyonse ili ndi zovuta zake. Bala lingachite mafinya kapena kusonkhana magazi. Khungu la pafupi ndi chipsera lingatsale ndi dzanzi, chifukwa timitsempha ta pakhungu timadutsa pomwepo. Mwa ena dzanzi la m'zala silitheratu, ndipo mwa ochepa limabwereranso patapita nthawi.

Ulendo wochokera ku Chisi

Kwa mayi wa pachilumba ulendo umayambira pa chipatala chaching'ono cha pa Chisi pomwepo, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi. Fotokozani momveka: zala ziti, kuyambira liti, ngati munathyokapo chigongono muli mwana, ngati muli ndi mawanga pakhungu, ndi ntchito zimene zayamba kukukanikani. Musangonena kuti mkono ukupweteka, mungabwerere ndi mapiritsi a ululu okha. Aonetseni dzenje la padzanja ndi thuza losamva lija, ndipo pemphani kuti zilembedwe m'buku lanu.

Akakupatsani kalata, mudzawoloka pa bwato kufika padoko la Kachulu, n'kukwera galimoto mpaka ku Zomba Central Hospital. Chithandizo chambiri cha mafupa m'dziko muno chili m'manja mwa makiliniko ofesala a za mafupa, amene maphunziro awo anayamba mu 1985. Iwo amapima, amajambula, ndipo amadziwa amene ayenera kuonedwa ndi dokotala wamkulu wa opaleshoni. Madokotala akuluakulu a mafupa amapezeka ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndiponso ku chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION, chimene chinatsegulidwa mu 2023 pafupi ndi Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Mwana amene chigongono chake chinapola mokhota angathandizidwenso ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2002 ndipo chimachita opaleshoni ya mafupa a ana mwaulere.

M'zipatala za boma simulipira chithandizo, koma bwato, galimoto ndi chakudya cha panjira zimafuna ndalama, ndipo ulendo sukhala umodzi. Pali wokapimidwa, wa opaleshoni, ndi wokaonetsa bala. Kambiranani ndi bambo a kunyumba nthawi ikadalipo, ndipo ngati muli m'gulu la banki m'khonde, iyi ndi imodzi mwa ngongole zoyenera kutenga. Ndalama ya ulendo ndi yochepa poiyerekeza ndi dzanja limene limadyetsa banja zaka zonse.

Pamaso pa adokotala musachite manyazi, pakuti safunsa anadya phula. Funsani kuti: Kodi vuto lili pachigongono penipeni, kapena m'khosi? Kodi mwandipima khate ndi shuga? Mwa njira zitatu zija mundichita iti, ndipo chifukwa chiyani? Kodi ndidzagona tulo kapena mudzabaya mkono wokha? Ndi mphamvu yochuluka bwanji imene ndingayembekezere kuti ibwerere? Ndidzayamba liti ntchito? Ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa, kapena mukumwa mankhwala ena alionse, monga a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena ma ARV, nenani poyambirira.

Mukabwerera kunyumba

Masiku oyamba gonekani mkono pamtsamiro kuti ukhale pamwamba, kutupa kuchepe. Yendetsani zala kuyambira tsiku loyamba, ndipo chigongono muchiyendetse monga mmene a mafizo akuuzirani, kuti chisaume. Bala likhale louma ndi laukhondo. Musaliviike m'madzi a m'nyanja kapena a pachitsime kufikira litapola, ndipo musapakepo mankhwala ena alionse. Ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Mukaona bala likutupa, likufiira, likutuluka mafinya kapena fungo, kapena thupi likutentha, bwererani kuchipatala osadikira tsiku limene anakulemberani.

Ntchito zopepuka, monga kusankha mpunga, zimayambika pakatha masabata awiri kapena atatu. Kusinja, kulima, kuchapa zolemera, kutunga madzi ndi kupalasa bwato zidikire masabata 6 kapena kuposerapo, ndipo kwa amene mtsempha unaikidwa pansi pa mnofu zingadikire mpaka miyezi itatu. Wosuta fodya aleke, pakuti fodya amachedwetsa kupola kwa bala ndi kwa mtsempha.

Nthawi yonse imene chala chili ndi dzanzi, chitetezeni monga mumatetezera khanda. Chala chosamva sichidziwa moto. Pophula mphika kapena potembenuza nsomba pa waya, gwirani ndi chiguduli chochindikala. Madzi osamba muziwayesa ndi dzanja linalo. Madzulo alionse yang'anani zala ngati pali thuza, munga kapena mng'alu, ndipo muzipaka mafuta kuti khungu lisaume. Zala zimene tinkaona zitaduka mwa odwala akale sizinkagwa zokha, zinkatha ndi zilonda zimene mwini wake sanazimve.

Mawu kwa a pabanja

Amayi ambiri amachedwa kupita kuchipatala osati chifukwa chosadziwa njira, koma chifukwa chofunsa mumtima kuti, ndikapita, aphikire ana ndani? Ena akachitidwa opaleshoni amagwira munsi sabata yachiwiri, poopa kunenedwa ulesi. Apa ndi pamene ubale uyenera kuoneka. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Achemwali, alamu, apongozi ndi amayi a m'gulu agawane ntchito za pakhomopo kwa masabata ochepawo. Ana aakulu atunge madzi. Nawonso abambo adziwe kuti kugwira mthiko mwezi umodzi sikuchotsa ulemu wa munthu, koma kumapulumutsa dzanja la mayi wa ana awo.

Ndipo inu a m'tauni, amene chipatala muli nacho pafupi, kumbukirani amayi anu ndi azakhali anu akumudzi. Mukapita kukawaona, agwireni manja ndi kuwayang'ana bwino. Mukaona dzenje pafupi ndi chala chachikulu, kapena zala ziwiri zikuyamba kupindika, musanene kuti ndi ukalamba chabe. Atengeni mukawapimitse.

Usiku uno, musanagone, yerekezani manja anu awiri monga tafotokozera. Ngati onse ali bwino, thokozani ndipo muwasamale. Ngati kachala kakumapeto kayamba kuchita dzanzi, kulungani chitenje pachigongono kuyambira lero, ndipo muwerenge masabata. Koma ngati mphamvu yayamba kuchepa, musadikire kuti mpunga ukololedwe kapena kuti nsomba zigulidwe. Tengani buku lanu la kuchipatala mawa m'mawa.